Mmene ndinakwatirira ampulifaya

Ine si munthu wa nkhani. Iyi ndikuilemba chifukwa ena ayamba kale kuifotokoza, ndipo akuthirako mchere wawo. Ku Primrose kuno, ku Joni, mukafunsa za bambo amene anaitaniridwa nkhoswe chifukwa cha wailesi, ana omwe akulozerani chitseko changa. Choyamba, si wailesi. Ndi ampulifaya, chitsulo chokweza mawu. Chachiwiri, moto sunayake, unali utsi chabe. Fungo lake linatha m'chipindamo. Manyazi ndiye akadalipo.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Alberton. Mmodzi wa mabwana anga anali mzungu wokalamba, mkazi wake anamwalira kale. Ana ake atagwirizana zokamusiya kunyumba yosungirako okalamba, anandiuza kuti ndichotse zonse za m'galaja. Pansi pa makatoni ndinapeza chitsulo cholemera ngati mwala wa mphero, pamwamba pake patandandalika timabotolo tagalasi. Ndinaganiza za ogula zitsulo zakutha. Mkuluyo anandigwira mkono. Anati ndisachiike pa sikelo, chimenecho chimaimba. Anandipatsanso masipika awiri a mabokosi amatabwa ndi waya wolumikizira foni. Kenaka anatembenuka n'kumayang'ana khoma.

Timabotolo timeneto amati mavalavu. Ukayatsa, ampulifayayo silankhula nthawi yomweyo. Imayamba yaganiza kaye, mavalavu n'kumafiira mkati pang'onopang'ono ngati khala la m'phulusa, kenaka mawu n'kubwera. Ndinaikonda chifukwa cha khalidwe limenelo. (Anthu ambiri amene ndimawadziwa amayamba ndi mawu, kuganiza pambuyo.)

Masiku oyamba ndinkamverapo nyimbo basi.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ali kumudzi ku Ntcheu. Kulemba sakonda. Amajambula mawu pafoni n'kunditumizira, nthawi zina aatali ngati ulaliki. Pafoni mawu awo amamveka oonda, akutali. Lamlungu lina masana, foni ili chilumikizire, uthenga wawo unalowa, ine n'kudina osaganiza. Ndinali ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndinaiika pansi. Mayi a Tadala anali m'chipinda mwanga. Sindikukokomeza. Ndinamva mpweya umene amakoka asanayambe kudandaula. Ndinamva kaphokoso ka lilime kamene amachita akamafuna mawu otsatira. Kumbuyo kwawo kunalira chitseko cha kukhitchini, chimene ndinachikhoma ndekha mokhota chaka chimene ndinkanyamuka, n'kulonjeza kuti ndidzachiwongola pa Khirisimasi. Makhirisimasi apita angapo. Za mapepala okhalira m'dziko muno, aliyense amene ali ku Joni akuzidziwa. Kutuluka n'kosavuta, kulowanso ndiye nkhani ina.

Uthengawo unali wa anankafumbwe m'chimanga. Ndinaubwereza mpaka tiyi anazizira.

Kuyambira pamenepo Lamlungu masana linakhala lathu. Mauthenga a m'kati mwa sabata ndinkangowamvera mwachangu kuti ndidziwe ngati kuli matenda, n'kuwasunga. Lamlungu ndikabwera kutchalitchi ndinkatseka chitseko, kukoka katani kuti mavalavu aoneke bwino, kuphika tiyi, n'kukhala pabedi. Ndipo apa pali pochititsa manyazi poyamba. Ndinkayankha. Iwo akanena zawo, ine ndinkaimitsa foni n'kuwayankha mokweza, ngati ali pampando apo. Munthu ukakhala wekha ndi chitsulo lilime limamasuka. Palibe amene akukuyang'ana pankhope.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Ndimakhala kuseri kwa nyumba ya a mastandi, mwini malo, pamene pali zipinda zogundizana, mpope umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Khoma la pakati pa ine ndi mayi a Chikondi ndi la njerwa imodzi. Mayi a Chikondi ndi a ku Balaka, amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo kutchalitchi kwathu amakhala kutsogolo. Munthu wabwino. Makutu ake ndi abwino kuposa iyeyo.

Patapita miyezi, valavu imodzi yaikulu inayera kumutu ngati yathiridwa ufa, sipika ya kumanzere n'kuyamba kukhosomola. Ndinafunsafunsa. Anthu okonza mafoni ankangoseka. Mnyamata wa pa renki ya matakisi ndiye anandiuza za Che Amidu, Myao wa ku Mangochi amene amakonza mawailesi akale ku Nigel. Nigel ndi kutali. Ndinapita pa matakisi, ampulifaya ili pamiyendo, ndipo pofika miyendoyo sinali yanga.

Che Amidu anaitembenuza chagada, kutsegula pansi, n'kusuzumira m'kati. Tinamvana nthawi yomweyo. Anati mavalavu atsopano apezeka, koma kungowasomeka sikokwanira.

"Iyi anaitchera kufakitale n'kukhomerera, achimwene. Anatchera molingana ndi mavalavu a nthawi imeneyo. Atsopanowa iliyonse ili ndi mimba yakeyake."

Chimene ankanenacho amati bayasi. Anafotokoza kuti ndi kamagetsi kochepa kamene kamagwira valavu pakhosi kuti isamwe magetsi ambiri. Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi nkhani ya mpope. Ukatsegula kwambiri bedi la maluwa limavunda, ukatseka kwambiri limafota. Valavu yomwa kwambiri imatentha mpaka kupsa, yomanidwa imatulutsa mawu osasa. Ndiye anati achotsa tinthu tina tangati nyemba zamizeremizere, totchedwa marezisita, n'kuikapo timabatani topotokola, kamodzi pa valavu yaikulu iliyonse, kuti muyezo uzitheka kusintha.

Iye ankafuna timabataniti tikhale m'kati, pansi pa chitsulo. Anandionetsa zitini ziwiri za m'katimo, n'kunena kuti zimasunga magetsi ngakhale utazula pulagi, ndipo zikhoza kugwetsa munthu wamkulu. Apo ndi pamene ndinapeza nzeru. Ndinati ngati m'katimo muli imfa, bwanji osaika timabatanito kunja, kuseri, kuti tsiku lofuna kutchera ndisatsegule? Ndinatchulanso za mtunda wa ku Nigel ndi miyendo yanga. Anandiyang'ana. Anavomera kuti mfundoyo ili ndi mutu. (Mfundo zanga zonse zimene zinandivulaza m'moyo zinali ndi mutu.)

Anaboola mabowo kuseri, kumangirira timabatani, kuwotcherera mawaya. Kenaka anatenga mita yake ya mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, n'kumapotokola pang'onopang'ono akuyang'ana manambala, ngati munthu woyeza mankhwala a mwana. Atamaliza anadontheza penti yoyera pa kabatani kalikonse posonyeza pamene waimikira.

"Mita muli nayo?"

Ndinati ndigula.

"Musanagule, manja m'thumba. Khutu limanama. Mita sinama."

Ndinati ndamva. Ndinamvadi. Masabata angapo sindinakhudze kanthu.

Kenaka kunabwera chisanu cha kuno, chija chozizira mpaka mpope kuuma m'mawa. Lamlungu lina mawu a mayi a Tadala anamveka ngati abwerera m'mbuyo pang'ono. Ngati achoka pampando n'kukaima pakhomo. Mwina chinali chimfine changa. Ndinapisa dzanja kuseri n'kupotokola kabatani kamodzi pang'ono chabe, kutalika kwa chikhadabo. Ndinamvera. Anabwerera pampando. Ndinapotokola enawo kuti asadandaule.

Che Amidu amanena mpaka lero kuti zambiri zinali m'mutu mwanga. Akhoza kunena. Iye mkazi wake ali naye ku Nigel komweko, amamubweretsera chakudya m'kontena.

Sabata yotsatira ndinawonjezera. Mawu ananenepa. Chipinda nachonso chinayamba kufunda, moti hita sindinkaifunanso, ndipo ndinadziyamikira kuti ndapeza zinthu ziwiri pa mtengo umodzi. Timadontho ta penti tinali titaloza kwina. Tsiku lina fyuzi inapsa. Ndinagula ina. Inapsanso. Munthu wanzeru akanamva kuti chitsulo chikulankhula. Ine ndinaganiza kuti mafyuzi a masiku ano ndi osalimba, ndipo ndinakulunga yakupsayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya tiyi n'kuibwezera. Inagwira. Zitsulo za m'kati mwa mavalavu, zimene kale zinali zotuwa, zinayamba kufiira ngati njerwa za mu uvuni. Ndinaona kuti n'zokongola.

Nthawi yomweyo ndinagula chitenje chamaluwa kwa mayi wina wogulitsa pa msewu, chovundikira ampulifaya chifukwa fumbi la kuno ndi lambiri. Chitada ndinachichapa n'kuchiyanika pa chingwe cha tonse, pakati pa maovolosi anga. Sindinaganize kanthu. Lamlungu lotsatira mayi a Chikondi anagogoda ndi mbale ya mandasi, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinatsegula pang'ono n'kuima pakhomo ndi thupi lonse, chifukwa sindinkafuna aone bambo wamkulu atakonzera chitsulo tiyi mu mdima. Anasuzumira pamwamba pa phewa langa. Ndinasuntha phewa. Anasuzumira mbali inayo. Ndinalandira mandasi n'kutseka. Anali anayi. Ndinadya onse, osadziwa kuti ndikudya umboni.

Kenaka mauthenga anasiya kubwera.

Sabata yoyamba ndinati ndi netiweki. Yachiwiri ndinatumiza moni. Foni inaonetsa kuti awerenga, koma yankho panalibe. Ndinaimba. Anayankha Tadala, mwana wathu woyamba, n'kunena kuti amayi ali kudimba. Ndinaimbanso madzulo ena, amayi ali kudimba. Dimba lathu ndimalidziwa, si lalikulu choncho. Mawu a mwanayo anali ouma, ngati akulankhula ndi wokhometsa msonkho.

Masiku amenewo sindifuna kuwafotokoza kwambiri. Ndinkamvera mauthenga akale. Wa anankafumbwe, wa maliro a kutsidya, wa tsiku limene mbuzi inabereka atatu. Ndinali nditawaloweza, moti ndinkadziwa pamene apumire. Ndipo Lamlungu lililonse dzanja linkapita kuseri. Munthu akakhala chete, umaganiza kuti ukapotokola pang'ono anena china chimene sunachimve.

Amene anaimba ndi alamu anga a Lufeyo, mchimwene wawo wa mayi a Tadala. Amalondera pa fakitale ina ku Alberton, ndipo chifukwa cha mashifiti sitionana kawirikawiri. Iwo ndiye nkhoswe ya kuchikazi pa ukwati wathu. Sanandipatse moni wautali. Anati Lamlungu ndisachoke, akubwera, ndipo sakubwera ngati mlamu.

Anafika atavala jekete, dzuwa lili pamutu. Tiyi anakana. Anakhala pampando wokhawo umene ndili nawo, maso akuyendayenda m'chipindamo. Chipinda changa ukatambasula manja umakhudza makoma onse, koma anasuzumirabe pansi pa bedi. Kenaka anaitana mayi a Chikondi, amene anali kale pafupi ndi chitseko atapinda manja.

Mlandu unali wotere. Mayi a Chikondi ali ndi msuweni wawo wokwatiwa mudzi woyandikana ndi wathu. Kudzera mwa iyeyo, kumudzi kunamveka kuti ndakwatira ku Joni. Mkaziyo akuti ndi Mmalawi, wa kwathu komweko poona kalankhulidwe, amabwera Lamlungu lililonse masana, ndimamubisa, ndipo chitenje chake chinaoneka pa chingwe. Ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga kwawo kwa mkazi. Alamu anati njinga yanga, sutikesi ndi zida zanga zaukalipentala zaikidwa kale pafupi ndi khomo. Akungodikira mawu a iwo kuti azitumize kwa amayi anga.

Ndinaimirira, kuvundukula chitenje chija, n'kuloza.

"Mkaziyo ndi uyu."

Palibe anaseka. Alamu anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati iwo sanakwere matakisi kudzaonera masewero.

Ndinawapempha adikire amve okha. Ndipo apa ndi pamene ndinachita chopusa chachikulu. Ndinaganiza kuti lero mawu ayenera kumveka enieni kuposa masiku onse, ukwati wanga uli pamenepo. Ndinapisa dzanja kuseri n'kupotokola timabatani tonse mpaka pamene tinakanira. Ndinayatsa.

Paja imayamba yaganiza kaye. Tinadikira anthu atatu, tikuyang'ana chitsulo. Mavalavu anafiira. Anapitirira kufiira. Masipika anayamba kung'ung'udza ngati njuchi za m'mphako, ndipo m'valavu imodzi munawala kabuluu kamene ndinali ndisanakaonepo. Ndinadina uthenga msanga. Mawu a mayi a Tadala anadzaza chipinda, okoma kuposa kale lonse, ndikulumbira.

"Bambo a Ta..."

Phuu. Kuwala, kenaka utsi wonunkha ngati nsomba yopserera. Magetsi a pabwalo lonse anazima. Kunyumba yaikulu a mastandi anayamba kukalipa m'Chizulu, chifukwa anali pakati pa mpira. Ine posokonezeka ndinagwira valavu ndi dzanja kuti ndiizule. Mlandu wonse wotsalawo unazengedwa ine nditakhala pabedi, zala zili m'jagi ya madzi.

Alamu anatsegula chitseko kuti utsi utuluke. Anati mawu awiri osamaliza si umboni. Ndinazula waya n'kuwatsegulira uthenga womwewo pafoni pokha. Mayi a Chikondi anapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kupukusa.

"Ayi. Si ameneyu. Amene ndimamumva ine ndi mayi wathupi, mawu ochokera m'chifuwa. Aka ndi kamtsikana."

Pamenepo ndinaona njinga yanga ikukankhidwa pa msewu wa kwa amayi, mudzi wonse ukuonerera.

Alamu ndi munthu wodekha. Anafunsa mayi a Chikondi kuti, poti khomalo ndi lopyapyala, mkaziyo amakamba zotani. Mayiwo anayamba ndi kunena kuti iwo samvetsera za eni, mawu amangowapeza. Kenaka anandandalika zonse mosaphonya. Za mjigo wowonongeka, za aphunzitsi a Tadala, za mpongozi wa winawake amene amabwereka sefa osabweza. Anati mkaziyo ndi wamiseche ndithu, sasiya ngakhale abale ake.

"Tsiku lina ankaseka mchimwene wake weniweni. Akuti ndi mlonda kuno, koma anatumiza chithunzi kumudzi atavala yunifomu, n'kumauza anthu kuti ndi wapolisi wa ku Joni. Akuti mpaka amfumu anamutumizira moni."

Alamu anakhosomola. Anati utsiwu ndi woipa. Anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali, kenaka ananena motsitsa kuti chithunzicho anthu anangochimva molakwa, iwo sananene kuti ndi apolisi, anangoti ali m'zachitetezo.

Apo mayi a Chikondi anazindikira mwini nkhani. Anayang'ana alamu, kuyang'ana ampulifaya imene inkafukabe pang'ono, kuyang'ana ine. Ndinaganiza kuti zatha, ndapulumuka. Koma munthu amene wanyamula nkhani mpaka ku Ntcheu salola kugwa yekha.

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Bambowa amayankha. Munthu amayankha wailesi? Ndipo si mayankho wamba."

Ndinati zimenezo zisiyeni. Alamu anati ayi, nkhoswe iyenera kumva zonse.

Ananena zonse. Anati ndimamuuza mkaziyo kuti ndamusowa. Kuti kuseri kwa galaja ya abwana ena ndinadzala maungu mobisa, osati chifukwa cha ndiwo, koma kuti ndizimva fungo la masamba ake m'manja ngati kudimba kwathu. Kuti ndimakumbukira duku lobiriwira limene anavala pa depoti tsiku londiperekeza, ndi kuti sanalire mpaka basi itatembenuka, koma ine ndinamuona pa galasi. Kuti ndikamadya ndekha ndimasiyabe nthuli yabwino pambali, kenaka n'kukumbuka. Mayi a Chikondi ankanena izi akutsanzira mawu anga, okhuthala, nkhope ili gwa. Ine ndinkayang'ana m'jagi. Mukanakhala malo ndikanalowamo.

Alamu anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa foni. Inali yoyaka. Anati mlongo wawo anawalamula kuti asadule kuyambira polowa, akufuna adzimvere yekha, chifukwa amuna amabisirana. Anaiika patebulo, pafupi ndi ampulifaya yakufayo.

Poyamba kunangomveka nkhuku. Kenaka mpweya uja amakoka asanayambe.

"Bambo a Tadala."

Ndinavomera.

"Zonsezo mumauza chitsulo?"

Ndinayang'ananso m'jagi, iwo n'kupitiriza.

"Ine ndimakhala pansi pa mtengo wa mango kufuna netiweki, kulankhula mpaka foni kutentha. Inu n'kundilembera liwu limodzi: Ndamva. Chaka ndi chaka, ndamva. Ndimati mwina munthuyu mtima unauma ndi simenti ya ku Joni. Kani mawu muli nawo, mumangowapatsa wina."

Ndinafuna kunena chinthu chachikulu. Anthu awiri ankandiyang'ana, wachitatu akudikira ku Ntcheu. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Ndamva."

Alamu ndiye anayamba kuseka, mpaka kuvula jekete. Mayi a Chikondi anatsamira chitseko. Pafoni, patapita kanthawi, namonso munamveka kuseka, kuja kosafuna, kotulukira m'mphuno. Anati njinga ailowetsa chifukwa kukubwera mitambo, osati chifukwa cha ine. Za sutikesi aganiza kaye.

Alamu anamwa tiyi tsopano, wophika pa mbaula ya mayi a Chikondi poti magetsi anali asanabwerere. Chigamulo chawo chinali chachifupi. Uthenga ukabwera wa mawu, ubwezedwe wa mawu. Ndipo nkhani ya chithunzi isatuluke m'chipindamo. (Yatuluka pano, alamu. Inu munayamba kufotokoza yanga pa maliro a ku Germiston.)

Ampulifaya inabwerera ku Nigel pamiyendo yomweyi. Che Amidu anayang'ana timadontho ta penti, kuyang'ana pamene timabatani tinaloza. Atatsegula pa fyuzi n'kupeza kapepala ka tiyi, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati mavalavu awiri apita, marezisita apsa, ndipo thiransifoma yapulumuka chifukwa cha chifundo cha Mulungu yekha, poti ikanapsa imeneyo tikanangoitengera kwa a sikelo. Kapepalako anakakhomera pakhoma la shopu yake. Amaonetsa makasitomala. Dzina langa satchula, amangoti bambo wina wa ku Primrose, ngati kuti tilipo ambiri.

Ulendo uno sanandifunse maganizo. Timabatani anatisamutsira m'kati, pafupi ndi zitini zoluma zija. Anawonjezera rezisita yoti ngakhale chitsiru chipotokole mpaka kumapeto, valavu isamwe mopitirira. Anatero akundiyang'ana. Atatchera ndi mita, anamata kalikonse ndi penti ya zikhadabo ya mkazi wake, yofiira.

Tsopano ndimajambula mawu. Si ntchito yapafupi. Ndimachitira kuntchito nthawi yopuma, kuseri kwa mulu wa manyowa kumene kulibe khoma la munthu. Woyamba ndinanena za nyengo ndi mtengo wa anyezi, n'kudula. Anayankha kuti chitsulo chinkalandira zabwino kuposa zimenezo. Ndikuyesetsa. Mawu amene ankatuluka okha pamaso pa mavalavu, pamaso pa foni amakana kutuluka, chifukwa ndikudziwa kuti afika.

Mwezi wathawu anatumiza uthenga wina. Anati mauthenga anga amawamvera madzulo pakhonde, koma pa kafoni kawo ndimamveka ngati ndikulankhulira m'chitini, ana mpaka amaseka. Ndiye anati, poti chitsulocho chimadziwa kulowetsa munthu m'nyumba, ndichitumize kumudzi. Sola ya kwa aphunzitsi ikhoza kuchiyatsa. Nawonso akufuna amveko mwamuna akulankhula m'nyumba muja.

Ndinawayankha kuti chinthu cha magalasi sapatsira a transipota, chikafika chili zidutswa. Ndidzabwera nacho ndekha, pamiyendo.

Yankho lawo linali lalifupi. Anati chabwino. Sanafunse kuti liti. Koma sanadule msanga, moti kumapeto kwa uthengawo kuli kachetechete, mphepo pang'ono ndi munthu akupuma. Ndaumvera pa ampulifaya Lamlungu lililonse chibwerereni. Che Amidu anatchera bwino, mita ndinagula ndipo ikuvomereza. Koma ndikafika pa kachetechete kameneko dzanja limapitabe lokha kuseri kwa chitsulo, kukafuna popotokola. Limangopeza mabowo.